Mtanda umene unatsala pakhoma ku Nkolokosa

Tadala, tayamba waika kafoni kako pansi. Iwenso Yamikani, lavula chingamu icho, wakhala ukubzikula ngati mbuzi chifikire pano. Khalani apa nonse, pakhonde pano pakupita kamphepo. Musaganize kuti sindidziwa zoti mumandiseka Lamulungu lililonse. Maso anachita nkhungu, inde, koma makutuwa akadali a mnyamata. Ndinamumva Chisomo akuuza anzake kuti agogo akafika pakhomo la tchalitchi amangoima njo, chipewa m'manja, ngati munthu woiwala chinthu kunyumba, mpaka anthu kuthinana kumbuyo kwawo. Anayesereranso kaimidwe kanga, ndipo anakhoza ndithu, mwana wopanda ulemu iwe. Ndiye lero ndikuuzani chimene ndimaimira pakhomo paja.

Inu munabadwira kuno ku Blantyre, mumati kwanu n'kuno. Ine kwathu ndi kumunsi kwa Shire, ku Nsanje, kumene dzuwa limakupeza ngakhale wabisala pamthunzi. Ndinabwera pa sitima ndevu zikuyamba kumene, nditanyamula mphasa, kathumba ka mapira ndi milamba youma imene amayi anandikulungira m'kansalu. Sitima ija inkakwera mapiri mopumira ngati nkhalamba. Titafika ku Limbe ndinangotsika n'kuyamba kunjenjemera, ndinkayesa ndadwala malungo. Chinali chiperoni chabe. Nkhungu inali mbuu, anthu akutulukira m'menemo n'kuzimiriranso ngati mizukwa, fungo la fodya lili ponseponse. Mpaka lero thupi langa silinagwirizane nako kuzizira kwa kuno.

Ntchito ndinaipeza m'sitolo ya mmwenye wina ku Limbe komweko, yodula magalasi ndi kukhoma mafelemu a zithunzi. Tinali ndi kachida kokhala ndi kamwala kolimba kunsonga, tinkakatcha dayimondi. Ukakakoka pagalasi kankalira kuti tsiii, kenako umathyola ndi manja kuti thwa. Koma kamodzi kokha. Ukabwereza pamzere womwewo, galasi lakuthera, ndipo mwini sitolo akutukwana m'chilankhulo chimene sumamva. Inu zithunzi zanu zadzaza m'mafoni, milomo mutaitukula ngati abakha, mawa mwafufuta. Ife munthu ankajambulitsa pa ukwati basi, n'kubwera nacho kwa ife atachigwira ndi manja awiri kuti tichiike m'galasi. Ndinalowa m'nyumba za mipanda ku Namiwawa ndi ku Mpingwe kukaika magalasi a mawindo, alonda akundiyang'ana m'matumba, ndipo ndinaphunzira kudya bulede ndi tiyi wamkaka nditaimirira kuseri kwa khitchini.

Koma chithunzi chimene tinkakhoma kwambiri masiku amenewo chinali chimodzi, cha mkulu wa dziko. Dzina lake mumalidziwa, mumalitchula mukuseka. Ine pakamwa panga sipanazolowere mpaka lero, ndiye mundilole ndizingoti mkulu wa dziko. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo chithunzi chake chinkayenera kukhala m'sitolo iliyonse, mu ofesi iliyonse, paliponse pamene anthu a boma kapena a chipani akumana. Lamulo lake linali lakuti pakhoma pasakhale chinthu china pamwamba pake. Kaya wotchi, kaya kalendala, kaya chithunzi cha malemu bambo ako, zonse zitsike, iye akhale pamwamba.

Amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Kwa ine mwambi umenewo unanama. Ndinkachigwira chithunzicho tsiku ndi tsiku, koma mantha ankangokula. Taganizani, kuti ukhome kumbuyo kwa felemu uyenera kuchigoneka chafufumimba, nkhope pansi. Ndiye tinkachitira m'kachipinda ka kuseri titatseka chitseko, kuopa kuti wina angaone nkhope ija itayang'ana pathebulo. Tikamaliza tinkazitsamiritsa kukhoma mondondozana, ndipo ukatsala wekha m'kachipindamo maso onse aja ankakutsata kulikonse kumene wapita. Mesenjala wina wa mu ofesi ya m'tauni anaona kadontho pagalasi la chithunzicho, n'kulavulira pansalu kuti apukute. Wina anamuona. Mpando wake unakhala wopanda munthu, ndipo palibe anafunsa kuti ali kuti. Umo ndi mmene tinkakhalira, ana inu. Munthu ankatsitsa mawu ngakhale akulankhula ndi mkazi wake.

Nditakwatira agogo anu aakazi tinapeza nyumba ku Nkolokosa, ndipo kumeneko n'kumene kunabadwira Rute, mayi anu. Pafupi nafe panali katchalitchi kathu kakang'ono, ka njerwa ndi malata, kamene tinamanga tokha anthu a kumunsi pamodzi ndi eni kuno. Abusa ankabwera mwa apo ndi apo, masiku ena tinkatsogolerana tokha. Mtanda wa kutsogolo ndinapala ndine, wa mlombwa, wautali ndithu, ndipo tinaukhoma pamwamba penipeni, mutu wake kutsala pang'ono kugunda malata. Khomalo tinalipaka laimu pomanga pokha. Zaka zitapita, utsi wa nyali za palafini ndi fumbi la m'chilimwe zinalidetsa mpaka linafanana ndi tiyi wopanda mkaka, koma ife tinkaliona tsiku lililonse, ndiye sitinkazindikira.

Mapemphero a masiku amenewo sanali ngati anuwa. Inu muli ndi zimkuzamawu, mumamukuwira Mulungu ngati mukuimitsa minibasi. Sindikuti n'zoipa, mwina amamva bwino choncho. Ife munthu ukafika pakhomo mawu ankatha okha. Amayi ankalowa chowerama, abambo zipewa m'manja, mwana akaseka ankangomuyang'ana kamodzi. Koma ndikuuzeni chilungamo, ine ndinkaganiza kuti kuopa Mulungu ndi kuopa chithunzi chija ndi chinthu chimodzi. Uku utsitse mawu, ukunso utsitse mawu. Uku wina akukuona, ukunso wina akukuona. Ndinkangoti Mulungu ndi mkulu wa dziko wina wokulirapo, wokhala ndi akazitape ambiri. Kusiyana kwake ndinakudziwa tsiku limodzi, masana enieni.

Tcheyamani wa chipani m'dera lathu anali a Namaona, mwini kuno, munthu wamkulu thupi, wa mawu ngati ng'oma. Lamulungu ankaimba besi m'kwaya yathu, ndipo akatsika ndi mawu aja benchi inkanjenjemera. Masiku enawo ankayenda ndi anyamata a chipani khomo ndi khomo, ndipo akaima pakhomo pako nsima inkaleka kukoma. Agogo anu ankanong'ona kuti mapanga awiri avumbwitsa, ine n'kumawatsina kuti akhale chete.

Tsiku lina Lachisanu, mvula itayamba kumene chaka chimenecho, ndinaweruka n'kupeza a Namaona atakhala pakhonde pathu, chinthu chokulungidwa m'nsalu chili pamiyendo. Sindinafunse kuti n'chiyani. Kukula kwake ndinkakudziwa ngakhale nditatsinzina.

"A Zuze," anatero a Namaona, "mawa masana kukubwera bwana wamkulu wa chipani wa m'chigawo chino. Mvula iyi sitingaikhulupirire, ndiye msonkhano uchitikira m'tchalitchi. Inu ndi amene mumadziwa zokhomakhomazi. Chithunzi ndi ichi."

"Ndikachikhome pati, a tcheyamani?"

"Mukufunsa ngati mlendo bwanji? Pamwamba."

"Pamwambapo pali mtanda."

"Ndiye muutsitse, eti. Ndi tsiku limodzi lokha, Lamulungu m'mamawa mudzaubwezera. Akulu a mpingo ndalankhula nawo kale, palibe watsutsa."

Akanatsutsa ndani? A Namaona anaimirira, n'kuyang'ana Rute amene anali kumbuyo kwa amake, mutu uli lendee ndi tulo. Analankhula mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandiopsa.

"Ine sindifuna zoipa ndi munthu. Koma zikalakwika adzandifunsa kuti ntchitoyi ndinapatsa ndani. Ndidzayankha kuti chiyani? Muli ndi mwana wakhanda, a Zuze."

Atapita, agogo anu sanazungulire. "Bambo a Rute, thabwa ndi thabwa. Munalipala ndinu, ine ndikuona. Mulungu sakhala m'mlombwa. Katsitseni, mubwere kunyumba, mwanayu akule akudziwa bambo ake." Ankanena zoona, ndipo ine ndinavomera. Musandiyese ngwazi. Ndinapita kukautsitsa mtandawo, ndi mtima umodzi.

Loweruka lija anyamata a chipani anayenda m'makomo kutulutsa aliyense kuti akalandire mlendo kumsewu waukulu. Amayi anapita atavala nsalu za nkhope ya mkulu wa dziko, ana asukulu, nkhalamba, ngakhale ogulitsa makala. Agogo anu anapita ndi Rute kumbuyo. Ine ndekha ndi amene ndinaloledwa kutsala, chifukwa cha ntchito ija. Inu simunaionepo Nkolokosa yopanda anthu. Zitseko zotseka, mbaula zikufuka zokha pabwalo, zovala zili lende pazingwe popanda kamphepo kozigwedeza. Nkhuku zinali zitabisala, ndipo sindinamve galu ngakhale mmodzi. Mitambo yakuda bii inali itakhala pamwamba pa phiri la Soche, yosasuntha. Kutali kumsewu kunkamveka nyimbo ndi ng'oma, zikubwera n'kumazimirira. Ndinayenda ndi makwerero paphewa, hamala m'thumba, chithunzi kukhwapa, ndikumva mapazi anga okha.

M'tchalitchimo munali kamdima ka mvula ndi fungo la fumbi. Malata ankangoti the, the, ngati wina akuyenda padenga pang'onopang'ono. Ndinavundukula chithunzi n'kuchitsamiritsa pabenchi ya kutsogolo, nkhope kumwamba monga mwa lamulo. Ndinaimika makwerero, ndinakwera, ndinatulutsa hamala. Misomali ndinkaidziwa pamene ili, poti ndinakhoma ndine. Inali ntchito yoti munthu waitha madzi a tiyi asanawire.

Apa ndiye mundimvetse bwino, chifukwa anthu akamafotokoza zotere amathira mchere wambiri. Sindinamve mawu. Sindinaone kuwala. Chimene chinachitika n'chakuti nyimbo za kumsewu zinatha, malata analeka kulira, ndipo ndinadziwa kuti sindili ndekha. Sikunali kumva kuja kwakuti wina akukusuzumira pawindo, kumeneko ndinkakudziwa bwino. Uyu sankasuzumira. Anali ponseponse, kutsogolo, kumbuyo, m'kati mwanga, ndipo panalibe chimene akanafufuza chifukwa ankadziwa kale zonse. Tsitsi linaima. Ndili mwana, chaka china Shire atasefukira, bambo anga analeka kupalasa tili pakati pa madzi, mtunda wosaoneka uku ndi uku, bwato lathu lili ngati khoko la mtedza. Ndinakumbuka tsiku limenelo. Ndinali kanthu kakang'ono pamaso pa Wina wamkulu wopanda gombe.

Chodabwitsa n'chakuti sindinafune kuthawa. Mantha onse amene ndinkawadziwa ankandiuza kuti thawa, bisala, tseka pakamwa. Awa ankandiuza kuti khala pompano. Ndinkafuna kuti zisathe. Misozi inkangotsika, ine bambo wa mwana, pamakwerero, hamala m'manja. Ndinayesa kukweza dzanja kuti ndikole msomali, dzanja linakana. Ndinkadziwa kuti mlombwa ndi mlombwa, monga ananenera agogo anu. Koma kuchotsa chizindikiro cha imfa ya Mwana wake, Iye ali pomwepo akuona, kuti ndiikepo nkhope ya munthu, zinali ngati kulowa m'nyumba ya mwini n'kumuuza kuti tasunthani pampando panu.

Ndinatsika. Ndinapezeka ndavula nsapato, sindikudziwa kuti ndinazivula nthawi yanji, n'kukhala pansi pasimenti. Maso anga anagwera pa chithunzi chija pabenchi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona pepala. Pepala chabe, lopindika pang'ono pakona, ndi nkhope ya munthu amene tsiku lina adzafa ngati ine. Ganizo lokhalo, likanamveka kunja, linali lokwanira kundisowetsa.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva nsapato zikubwera mothamanga, a Namaona n'kulowa thukuta lili kamukamu.

"Aa! Simunayambe? Bwana wanyamuka kale m'tauni! Mwakhala pansi ngati pamaliro bwanji? Mwamwa?"

"Manja akana, a tcheyamani."

"Mukudziwa chimene mukulankhulacho?"

"Ndikudziwa. Si mwano ayi. Mukakanena, kanenani. Koma sindingathe."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Pamenepo ndinadziwa kuti ndadzitsekera ndekha, kuti mwina Rute sadzakumbuka nkhope yanga, ndipo mtima unandipweteka kwambiri. Koma kuimirira sindinathe.

A Namaona anatola hamala n'kukwera okha, makwerero akulira ndi kulemera kwawo. Ndinakwawa n'kuwagwirira kuti angagwe. Anakola msomali woyamba, unalira kuti kwiii m'tchalitchi monse ngati kamwana. Wina, winanso, mpaka mtanda unachoka. Ananditsitsira osandiyang'ana. Kenako ndinamva akukoka mpweya, ndipo ndinakweza maso.

Mtanda unali pakhoma pomwepo. Wa mlombwa unali m'manja mwanga, koma pakhoma panali wina, woyera mbee, wofanana nawo msinkhu ndi mikono. Mu kamdima kaja unkaoneka ngati ukuyaka. Yamikani, usatong'ole maso choncho, chifukwa chake ndikuchidziwa. Aliyense wogwira ntchito ya mafelemu amadziwa kuti chinthu chikakhalitsa pakhoma chimasiya malo ake oyera. Utsi unadetsa khoma lonse, koma kuseri kwa mtanda laimu anakhala monga tsiku limene tinapaka. Ndinaziwonapo m'nyumba zambiri. Koma kudziwa chifukwa chake sikunandithandize konse tsiku limenelo. Khungu langa linachita tsembwe.

"Patseni chithunzi," anatero a Namaona, mawu a ng'oma aja atasanduka a munthu wodwala.

Ndinawapatsa. Anachiika pakati, pamwamba, pamene chinayenera kukhala. Koma felemu inali yaing'ono. Mikono yoyera ija inatulukira uku ndi uku, mutu pamwamba, tsinde pansi, ndipo mkulu wa dziko ankaoneka ngati wapachikidwa. Anayesa kusunthira kumanja, kumanzere, zinangoipiraipira. Laimu panalibe, ndipo ngakhale akanakhalapo sakanauma. Kunja kunagunda bingu loyamba, lapansipansi, mawindo n'kunjenjemera.

Kenako analeka kusuntha. Anangoima pamwamba paja, chithunzi m'manja, nkhope pafupi ndi khoma loyera lija. Makwerero amene ndinagwira anayamba kugwedezeka, ndipo sanali manja anga. Patapita nthawi analankhula motsitsa, osatembenuka.

"A Zuze. Muno muli ndani?"

"Tilimo awiri, a tcheyamani."

"Ayi," anatero. "Ayi."

Ananditsitsira chithunzi, n'kutambasula dzanja. Ndinawapatsa mtanda. Anaubwezera pamalo pake, misomali m'mabowo ake omwe aja, akukhoma pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa munthu. Atatsika anayang'ana mapazi anga, n'kuwerama, munthu wamkulu uja, n'kumasula zingwe za nsapato zawo. Tinakhala pansi awiri mpaka tinamva mahutala a magalimoto ndi nthungululu zikuyandikira.

A Namaona anavala nsapato, anatenga chithunzi ndi hamala, n'kundiuza kuti, "Inu tulukirani kuseri ndi makwerero anu. Mukaime pagulu ngati wina aliyense." Pabwalo la tchalitchi panali mtengo wa mango. Anakhoma chithunzi pathunthu lake, anaitana anyamata kuti atulutse mabenchi, ndipo bwana uja atafika anamuuza kuti anthu achuluka, m'katimo sakwana.

Bwanayo atangofika pakati pa mawu ake, mvula inagwa. Sinayambe ndi kuwaza, inangokhuthuka. Palibe anathawa, poti ndani akanayamba? Khamu lonse linaima pamvula likuwomba m'manja, amayi nsalu zitamatirira m'thupi, ana akulira. Bwana uja suti yake inanyowa mpaka inkadontha. Ndipo tonse tinkaona madzi akutsetsereka pathunthu la mango n'kulowa kuseri kwa felemu. Pepala linayamba kufufuma, nkhope ija ikukwinyika pang'onopang'ono kuseri kwa galasi, diso limodzi likutsikira patsaya. Anthu mazanamazana akuona, aliyense akuchita ngati sakuona, manja akuwombabe. Pa zonse zimene ndaona pa moyo wanga, chimenecho chimandibwererabe.

Sabata isanathe a Namaona anatengedwa chifukwa cha chithunzi chonyowa chija. Anabwera masana, anthu ovala bwino, pagalimoto yopanda chizindikiro, n'kuwapeza akudya. Akuti anangosamba m'manja n'kukwera.

Ndiye inayamba nthawi yanga yodikira. Ndinkadziwa funso limene adzawafunse, poti anali atandiuza okha pakhonde pathu. Agogo anu anapinda bulangete ndi juzi n'kuziika pafupi ndi chitseko, kuti akabwera ndisapite ndi malaya okha. Galimoto ikaima pafupi, supuni inkaima m'mwamba. Ndinkapitabe ku Limbe kukakhoma nkhope yomweyo m'mafelemu. Mantha analipo, sindinama, koma anali atasintha. Kale anali ngati thambo, opanda polekezera. Tsopano anali ndi msinkhu wake, ndinkatha kuona pamene athera, chifukwa ndinali nditaona china chachikulu kuposa iwo.

Anthu anayamba kulambalala nyumba ya a Namaona ngati muli nthomba. Agogo anu okha ndi amene ankapita, masana dzuwa likuswa mtengo, kabeseni ka ufa pamutu. Ndikawaletsa ankati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mayi ameneyo anali ndi chiwindi kuposa ine, Mulungu awasunge kumene ali. Mvula inatha, chiperoni chinabwera, mango anabereka, mvula inabweranso. Rute anayamba kuyenda, kenako kulankhula, kenako sukulu. Bulangete lija tinadzalifunda tokha. Palibe anabwera kudzanditenga.

A Namaona anabwerako patapita zaka. Ndinawazindikira ndi kayendedwe kokha. Thupi lija linali litatha, mano akutsogolo kulibe, besi ija itasanduka kunong'ona. Lamulungu loyamba anafika pakhomo la tchalitchi, anaima, anavula nsapato, n'kulowa n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Titaweruka ndinawapeza pansi pa mango uja. Msomali unali udakali pathunthu, khungwa litaumeza theka. Ndinakhala pambali pawo.

"A tcheyamani," ndinayamba.

"Utcheyamani unatsala komweko. Ndine Namaona basi."

"Sanakufunseni za ine?"

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Anandifunsa mpaka anatopa. Amati munthu mmodzi sangachite zimenezi, unali ndi ndani? Ine ndimati mtanda ndinabwezera ndine, chithunzi ndinatulutsa ndine, msomali ndinakhoma ndine. Nanga ndinanama?"

"Koma mukanangotchula dzina langa, mwina akanakuchepetserani."

"Mwina." Anayang'ana kutchalitchi. "A Zuze, mantha ine ndimawadziwa. Ndinkayenda nawo m'makomo ngati wogulitsa tomato. Kumene ndinali kuja anandipatsa onse amene anali nawo, osasiyako. Masiku ena dzina lanu limafika apa, palilime penipeni. Koma ndikati nditsegule pakamwa, ndimapezeka ndili pamakwerero paja. Anthu ajatu akanangondipha, n'kuthera pomwepo. Nanga Uja ndikanamuyang'ana bwanji?" Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Ndipo musandimvere chisoni kwambiri. M'ndende muja simunali ine ndekha. Amene tinamupeza m'tchalitchi muja anabwera nane."

Ndinalira ngati mwana, pagulu, anthu akudutsa. Sindinachite manyazi, ndipo lero sindichita manyazi kukuuzani.

Katchalitchi kaja kanagwetsedwa, pamalopo n'pamene pali chachikulu chimene mumapitachi, cha matailosi ndi magetsi. Mango uja anadulidwa kuti magalimoto azipeza poima. A Namaona tinawaika kalekale, mkulu wa dziko nayenso anapita njira ya tonse, ndipo zithunzi zimene ndinakhoma zija sindikudziwa kuti zinathera kuti. Koma mayi anu anakula akudziwa bambo ake, anaphunzira, anakwatiwa, n'kubereka inu amene mwakhala apa mukukanda udzudzu. Zonsezo chifukwa munthu mmodzi, amene tonse tinkamuopa, anakumana ndi Wina woyenera kumuopa, ndipo anatseka pakamwa pake chifukwa cha Iye. Kuopa munthu kunatisandutsa anthu owombera m'manja pepala lonyowa. Kuopa Mulungu kunamuimika munthu uja chilili pamene ena onse akanagwa.

Ndiye ndikafika pakhomo paja ndimaima kuti ndikumbuke kuti ndikulowa kwa ndani. Chimene ndinamva pamakwerero sichibwera Lamulungu lililonse ayi. Zaka zimatha osachimva, ndimangolowa, kuimba, kuwodzera pang'ono pa ulaliki ngati nkhalamba ina iliyonse. Si chinthu choti munthu ungachiitane. Koma chinabwerapo masana ena popanda kugogoda, ndipo sindifuna kuti tsiku limene chidzabwerenso chidzandipeze ndikuthamangira mpando wabwino, kapena ndikutafuna chingamu.

Mawa ndi Lamulungu. Mukadzandiona ndaima, musadzandikankhe kumbuyo. Iwe Chisomo, poti kaimidwe kanga ukukadziwa kale, udzaime pambali panga. Usadzanene kanthu. Udzangokhala chete pang'ono, tidzamvetsere limodzi.